Mabotolo Awiri a Bambo Zulu

Chaka changa choyamba ku Oshawa, tauni ya kutsidya kwa nyanja, mlendo wanga anali mmodzi yekha, Bambo Zulu, mkulu wa ku Chipata amene ankakhala ku Etobicoke, chapatali ndithu ndi Oshawa. Ankabwera pa sitima Loweruka masana kudzacheza m'chiyankhulo chathu. Chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, akazi awo ankawalola mabotolo awiri okha a mowa wopepuka, wa 4 peresenti. Akamaliza lachiwiri ankanyamuka.

Tsiku lina ndinagula dala wa 6 peresenti, poganiza kuti miyendo ikalemera akhalitsa. Anavala magalasi n'kuliyang'anitsitsa botolo.

"Mphwanga, si waukali uwu?"

"Ayi bambo, ukungosiyana ndi wanu uja ndi 2 peresenti basi."

Chonsecho kwathu ndinkaphunzitsa masamu. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kuchoka pa 4 kufika pa 6 ndi kuwonjezera theka lonse, moti mabotolo awiriwo anali ngati atatu. Ndinawatsegulira ndi manja angawa.

Anakhalitsadi, mpaka tinaimba nyimbo za kwaya. Koma pobwerera anagona m'sitima, ndipo anachita kudzutsidwa ndi anthu osawadziwa. Mawa lake Mayi Zulu anaimba foni.

"Anamwa angati?"

"Awiri okha, mayi."

"Ndiye kuti thupi lafooka. Maulendo ataliataliwa alekeretu."

Kenako foni anatenga Bambo Zulu eni ake. "Pepa mphwanga, ndakuchititsa manyazi. Ukalamba wandipeza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Musadandaule bambo, zimachitika."