Mfuti ku Boma, Anyani M'munda

Chaka chimene ndinabereka mwana woyamba, anyani a m'phiri anatsikira m'munda mwathu ku Msakambewa ngati tawaitana. Amuna anga anali ndi mfuti ya gogodela imene anawasiyira malume awo, koma lamulo linati isalire mpaka ilembedwe m'dzina lawo. Anakaisiya ku boma chimanga chili m'mawondo, nauzidwa kuti abwere sabata yamawa.

Masabata amawawo anachuluka. Ine ndinkangokhalira kuimba chitini m'munda, mwana ali kumsana, anyani akundiyang'ana ngati ndabwera kudzawasangalatsa pa chakudya.

Chimanga chitabereka, amuna anga anati tipitire limodzi ku boma, mwina a kumeneko akaona khanda amva chisoni. Ine pamaso pa anthu a mataye pakamwa pamauma, choncho ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, nkhope nditazolika. Pansipo m'pamene panali mafailo, mulu wofika m'chiuno, wotsamira khoma.

"Mwabweranso, akulu a anyani?" anatero kalaliki. "Mukuuona muluwu? Ndili ndekha, manja ndi awiri omwewa."

"Bwana, chimanga chikutha."

"Akakhuta asiya."

Anafufuza, nasolola failo yathu, naiwerenga mokweza kuti timve kuti Chingerezi amachitha. Kenaka anapendeketsa mulu wonse ndi bondo n'kuilowetsa pansi penipeni. Amene anabwera pambuyo pathu anawachitanso chimodzimodzi. Kwa iye failo imene waigwira ndiye kuti yaonedwa, ndipo ntchito ankayambira pamwamba.

Panjira ndinalimba mtima. "Bambo a mwana, mukamapita kukafunsa m'pamene mukudzibweza kumbuyo."

Anayamba acheuka uku ndi uku, poti masiku amenewo ngakhale chitsamba chinali ndi khadi la chipani. "Iwe, sitandade 3 yomweyo ukufuna kuphunzitsa boma ntchito?"

Anapitanso kawiri, kuopa kuoneka ngati amvera mkazi. Njinga yawo itathyoka foloko m'pamene analeka, ndipo failo ija, poisiya pamtendere, inakwera yokha mpaka pamwamba.

Chilolezo chinatuluka titakolola kale. Nkhokwe sinafike ndi theka lomwe. Mfuti anabwera nayo ataikoleka paphewa, nadzera dala pakati pa mudzi kuti aliyense aone. Anandipeza ndikupeta gaga wopempha kwa amayi anga, nandifunsa ngati sindikuona chimene anyamula. Ndinati ndaona, koma asunthe pang'ono, akunditchingira mphepo.