Zomera Kuseri kwa Bafa

Amene anandibweretsera uthenga wa ntchito ndi alamu anga a Jailosi, ogulitsa usipa pa Khombedza. Anati akalaliki ena a kusikimu ya thonje ku Chinguluwe akufuna wochapa. Amuna anga anali ku Joni, osamveka. Ndinasiya ana anga awiri kwa amayi ku Chitala, n'kumanga khadi la chipani pampango, ulendo.

Ntchito inali ya beseni lamalata, sopo wamtanda ndi simbi yamakala. Adona, akazi a akalalikiwo, anandiphunzitsa kuyamba ndi zoyera, kolala kutikita ndi dzanja, ndiponso kukutumula matumba ndisanaviike. Ndinkagona m'khitchini ndekha. Wocheza naye anali Mulungu basi.

Mwana wawo Fanuel anali Folomu 2, mnyamata waulemu, wonditchula kuti anti. M'matumba a kabudula wake wa sukulu ndinkapezamo tinjere totuwa. Ndinkatidziwa. Koma wantchito watsopano ayamba bwanji kunena mwana wa bwana? Ndinkangokutumulira kuseri kwa bafa kumene ndinkataya madzi. Mnyamata uja anayamba kugona masana, maso psuu, makope ali mbuu.

Mvula itagwa, tinjere tija tinamera.

Tsiku lina adona anandiitana, atagwira tsamba m'manja. "Nachisale, wadzala chamba pakhomo panga? Ayufi a chipani akaona, utimangitsa tonse!"

Fanuel anali chilili pakhonde. Ndinamuyang'ana kuti mwina alankhula. Anawerama.

Ndinati, "Mayi, sindinadzale ine. Zimachokera m'matumba mwa achimwenewa."

"Mwana wa sekondale? Iwe wa Sitandade 4 ukumudziwa kuposa ine? Longedza."

Ndinazula zomera zija, n'kuzitentha, n'kuyanika malaya amene anatsala m'beseni. Kenaka ndinayenda wapansi mpaka kumsewu, ndikuimba nyimbo ya kwaya chamumtima kuti ndisalire.

Mayeso a JC Fanuel analephera. Anabwereza, osatheka. Pano ndi bambo wa imvi, amakoka makoka a eni kunyanja, nthawi zina amalankhula yekha. Adona aja ndi amasiye tsopano. Tinakumana kumaliro, anandigwira dzanja nthawi yaitali. "Ukanandiuza msanga," anatero. Sindinawakumbutse za tsiku lija.

Ndikuthokoza Ambuye, anga anakula bwino, ndipo chiyambire pamenepo chimene ndaona m'thumba la mwana ndimanena tsiku lomwelo, ntchito ithe ithe. Inu owerenga, mukagwada, muwatchuleko mayi aja ndi Fanuel wawo.