Njinga Imene Sindinaikwere

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Che Saidi, chomwe chimayamba kundifika ndi fungo la petulo losakanikirana ndi la mlamba wowamba, lomwe linkakanirira pa jekete lawo ngakhale agogo aakazi atalichapa ndi phulusa. Kawiri pa sabata ankamanga dengu la nsomba pa njinga yamoto kuchokera padoko la Kachulu kupita kumsika wa Songani. Njingayo inali yakale, yaifupi, injini ya 100, mpando wake wokulungidwa ndi chubu, ndipo amayi opuntha mpunga ankaimva ikutsokomola isanatulukire m'mabango.

Munthu wa m'mudzi akafuna kugula njinga ankayamba waitana agogo. Iwo sankafunsa za injini. Ankamanga thumba la mpunga kumbuyo, n'kulowa nayo m'njira ya makande, dothi lakuda loterera lija, kenako n'kuima mwadala pakati pa matope.

"Njinga umaimva m'chiuno, mdzukulu," ankatero. "Manambala amenewo ndi a wogulitsa."

Ndili Folomu 3, amalume anga a ku Joni ananena kuti awagulira agogo njinga yatsopano. Anatuma ine ku Limbe chifukwa ndinkawerenga Chingerezi komanso ndinkadziwa kuyendetsa. Agogo anandiuza chinthu chimodzi chokha: ndikaikwere kaye.

Kusitolo anakana. Njinga yatsopano sayesa, anatero. Anandipatsa kapepala konyezimira, ndipo ndinasankha ya manambala aakulu kuposa zonse, injini ya 150. Inabwera pa lole. Yakale ija inali itagulitsidwa kale kwa munthu wa kabaza wa kwa Kuntumanji.

"Waikwera?" agogo anafunsa, akuizungulira.

"Eya, agogo. Imathamanga koopsa."

Atakhalapo, zala za kumapazi zokha ndi zomwe zinagunda pansi. M'chilimwe anayenda nayo mokakamiza. Mvula itagwa, pa makande, ndi dengu lodzaza kumbuyo, analibe popondera. Anagwa katatu mwezi umodzi. Kachitatu njinga inawagwera pa ntchafu, nsomba zonse zili m'matope, ndipo kuyambira pamenepo sanapitenso ku Songani. Makiyi anapatsa msuweni wanga, iwo n'kumakhala pakhonde akusoka maukonde a anthu ena.

Patapita zaka, ndikulemba kale nkhani m'nyuzipepala, ndinakawaona akudwala. Ndinafuna kuulula, koma ananditsogolera.

"Njinga ija inalibe mlandu," anatero akumwetulira. "Miyendo yathu ife a kuno ndiyo yaifupi."

Anati yathu. Ine ndi agogo tinali ofanana msinkhu ndendende. Ndikanangokhala pampando paja musitolo, injini osaliza n'komwe, ndikanadziwa kuti njingayo ndi yaitali. Iwo anazindikira bodza langa tsiku loyamba lomwelo, n'kukwerabe njingayo miyezi isanu kuti ndisachite manyazi pamaso pa amalume.

Anamwalira m'nyengo yokolola mpunga, ine ndisanapepese. Mpaka lero ndimawerengabe miyezi isanuyo.