Tochi ya Radhamés pa sikelo ya mayi Tatica

Radhamés Tineo ali ndi zaka 63. Ndi mlamu wanga, anakwatira mlongo wanga wamng'ono, Belkis. Anali dalaivala wa minibasi pamsewu wa Jarabacoa ndi La Vega mpaka pomwe anaigulitsa. Tsopano ntchito yake ndi kukhala pakhonde. Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Yudelka.

Munthuyu chibadwire sanagulepo chinthu tsiku lomwe wachifuna. Furiji anaisankha chaka chathunthu, Belkis akukasungitsa nyama kwa aneba. Iye amati ndi kusamala. Ine ndimati ndi ulesi wovala tayi.

Yudelka ali wamng'ono, bambo akewo ankamunyamula paphewa n'kumulozera kumapiri. Ankamuuza kuti akadzakula adzakwera naye phiri lalitali la Pico Duarte mpaka pansonga. Ankanena zimenezi makamaka akalawa mowa wa ramu. Phirilo iye sanalikwerepo. Ankangotula anthu ku La Ciénaga, patsinde pa phirilo, komwe msewu umathera, n'kutembenuza minibasi. Koma mukamumva akulifotokoza mungati analiumba ndi iye.

Mwana anakula, mawu aja sanawaiwale. Atapeza ntchito yosamalira okalamba ku Madrid, tikiti yake inali ya kumayambiriro kwa Febuluwale. Tsiku lina mu Novembala ndinali kwawo, tikudya nthochi zopota ndi soseji, iye n'kuyambitsa nkhani.

"Bambo, mu Januwale gulu la kutchalitchi likukwera phiri. Ndalembetsa mayina awiri."

"Winayo ndani? Wapeza chibwenzi osandiuza?"

"Winayo ndinu. Munandilonjeza ndisanayambe n'sukulu yomwe. Ndikapita uko sindikudziwa kuti ndidzabwera liti, ndiye ndi pano kapena basi."

Radhamés anamenya patebulo, nati palibe vuto, phiri lija ndi kunyumba kwake. Belkis anangondiyang'ana.

Ulendowo ndi wa masiku atatu ndipo suvuta kukonzekera. Katundu amasenza ndi abulu. Chakudya amaphika ndi operekeza. Nsapato zolimba ndi bulangete ndinati ndimubwereka ine, poti ndinakwerako kangapo mawondo akadali anga. Chinatsala chinthu chimodzi: tochi yovala pamphumi. Tsiku lomaliza kukwera anthu amanyamuka kusanache, ndipo manja onse awiri amafunika, lina pandodo lina pamizu. Yudelka anati tochiyo idzathandizanso pakhomo, poti magetsi kuno amathima momwe afunira ndipo namondwe amabwera chaka ndi chaka.

Basi, Radhamés anapeza ntchito.

Ankadzuka ndi foni, kugona ndi foni, kuonera azungu akuyatsa ndi kuzimitsa matochi. Madzulo ankabwera nazo ku golosale ya mayi Tatica, komwe timasewera domino pakhonde, n'kutiphunzitsa ife osadziwa.

"Pali zamabatire, pali zotchaja. Yotchaja ndi yopepuka, koma namondwe akagwetsa mapolo uitchajira pati? Yamabatire nayo, ukaisiya m'kabati miyezi isanu mabatire amavunda n'kuidya mkati."

"Gulani zonse ziwiri," anatero Quirino, yemwe amameta anthu kuseri kwa msika. "Ina pamphumi, ina pankhongo. Muziona komwe mukupita ndi komwe muzithawira."

"Iwe sewera, za akuluakulu zisiye. Palinso nkhani ya kuwala. Yowala kwambiri imatha msanga moto. Ndipo iyenera kukhala ndi kagetsi kofiira, kuti usathobwe anzako m'maso mutenti."

"Nanga yoyenda yokha ilipo? Kuti ikwere iyo, inu mutsale."

Chonyansa n'chakuti zomwe ankanenazo sizinali zabodza. Tochi yabwino ndi yopepuka, yosalowa madzi, ya lamba wosaluma pamphumi. Koma zimenezo munthu amazidziwa polowa m'sitolo, n'kutuluka atagula. Radhamés anazidziwa sabata yoyamba, n'kupitiriza kuzidziwa mpaka Disembala.

Yudelka anatopa. Anakwera basi kupita ku Santiago, n'kugula matochi awiri, yake ndi ya bambo ake. Anaipereka pa chakudya cha Khrisimasi, nkhumba yootcha ili patebulo. Inali tochi yabwinobwino, ya timabatire titatu topezeka pa golosale iliyonse, kagetsi kofiira kalipo, mvula siiopa. Ndinaiyesa ine. Sindinaipeze chifukwa.

Radhamés anaivala, n'kugwedeza mutu uku ndi uku ngati ng'ombe yoingitsa ntchentche.

"Ikulemera."

"Bambo, chipewa chanu chija chimalemera kuposa iyi."

"Chipewa sindikwera nacho phiri. Khosi la munthu likatopa, thupi lonse latopa. Ndikaiyeza kaye pasikelo."

Apa ndi pomwe panaonekera kuti munthuyu sanagulepo ngakhale mchere wa m'nyumba mwake. Sikelo ya mayi Tatica aliyense amaidziwa. Muvi wake suyambira pa ziro, umayambira patsogolo pang'ono. Ukagula mpunga umaperewera sipuni ziwiri kapena zitatu. Palibe amadandaula, chifukwa akamaliza kuyeza umangoti, "Nanga ñapa?" kutanthauza banyira, ndipo iwo amatapa kadzanja n'kuonjezera. Zomwe sikelo yatenga, banyira amabweza. Iwo amaoneka opatsa, iwe umapita wosangalala. Zakhala choncho kuyambira nthawi ya mayi awo. Lamulo ndi limodzi lokha: za muviwo sitinena mokweza m'golosale mwawo.

Pa mpunga wa banja lonse kusiyanako si kanthu. Pa kanthu kopepuka ngati tochi n'kwakukulu.

Radhamés anafika ndi katoni yake m'manja ife tili pa domino.

"Mayi Tatica, ndibwerekeni sikelo yanu."

"Mukugula chiyani, a Tineo? Lero kugwa mvula."

"Sindikugula. Ndikufufuza."

Anaika tochi m'mbale ya sikelo, n'kuwerama, magalasi ali pamphuno. Anayang'ana muvi, kenako zolemba za pakatoni, kenako muvi. Sikelo inaonjeza pafupifupi theka pa kulemera komwe analemba.

"Ndinanena ine. Mwana wanga amubera masana. Ichi n'chachinyengo." Anatembenukira kwa mwini golosale. "Sikelo yanuyi ili bwino?"

Munali azimayi atatu akudikira mafuta ophikira. Onse anayamba kuwerenga zitini za pashelefu.

"Sikelo yanga sinanamepo, a Tineo," anatero mayi Tatica. Atangochotsa tochiyo, iwo anaponya chibuma cha tchizi m'mbalemo, muvi usanabwerere.

Quirino anakhosomola mpaka kutuluka panja.

Ndinamutsatira Radhamés pamsewu.

"Alamu, sikelo ija imaonjeza. Aliyense akudziwa. Tochiyo ilibe vuto."

"Mukuti mayi Tatica ndi wakuba?"

"Ndikuti muvi suyambira pa ziro. Amabweza ndi banyira."

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukuberedwa muli chete? Opusa ndinu, osati ine. Ine ndaona ndi maso anga."

"Pitani nayo kusitolo ya mankhwala, ali ndi sikelo ina."

"Ndizizungulira tauni yonse ndi katoni ngati wogulitsa mankhwala a makoswe? Nkhani yatha."

Kunyumba Belkis anamuuza zomwezo. Iye anamuyankha kuti mayi ndi mwana wake amagwirizana pa chilichonse. Kenako anauza Yudelka kuti akabweze tochiyo ku Santiago, ndipo akawauze eni sitolo kuti bambo ake si munthu wopusitsidwa. Mwanayo sanapite. Anaiika pamwamba pa furiji, n'kulowa kuchipinda.

Usiku womwewo Radhamés anaitanitsa ina pafoni kuchokera ku Miami. Anatiwonetsa chithunzi chake. Inali yopepuka kuposa ya Yudelka ndi kulemera kwa kandalama kachitsulo. Anati ifika nthawi yabwino. Katundu wa ku Miami mu Januwale, zikondwerero zitangotha, safika nthawi yabwino, ndipo dalaivala wakale amadziwa zimenezo kuposa tonsefe.

Kuyenda kokonzekera sankapita. Yudelka ankadzuka m'mawa uliwonse kukwera chitunda cha kuseri kwa manda ndi chikwama kumsana. Bambo ake ankati ayamba tochi ikafika, kuti azolowere zonse pamodzi. Nsapato zomwe ndinamubwereka zinali pansi pa bedi, zingwe zili momwe ndinazimangira ine.

Tsiku lonyamuka, lole ya gulu inaima pakhomo pawo dzuwa litangotuluka. Ndinapita kukatsanzika. Yudelka anali atavala kale. Radhamés anatuluka ndi patapata, kapu ya khofi ili m'manja.

"Katundu akuti ali pa kasitomu. Mwina mawa."

"Bambo, galimoto ndi iyi. Valani nsapato."

"Ndikwere phiri ndi chinthu chachinyengo? Chikathima pakati pa njira, ndithyoke mwendo, undinyamula iwe?"

"Tengani yanga. Ine nditenga yanuyo."

"Ndikupatse iwe chinthu choti chikugwetse kuphompho? Ndingakhale bambo wotani?"

"Ndi zofanana, bambo. Ndinagula sitolo imodzi, tsiku limodzi."

"Ndiye zonse n'zachinyengo. Ukanafunsa kaye kwa ine."

Dalaivala anayang'ana wotchi. Yudelka anaima pamenepo, chikwama chili kumsana, akuwayang'ana bambo ake. Sanalire. Ananena motsitsa mawu.

"Mukanangonena kuti mukuopa, ndikanamva. Ndikanakupezerani bulu woti mukwere njira yonse."

"Ndani akuopa? Ine phiri lija ndalifika kambirimbiri."

"Mwafika pomwe limayambira, alamu," ndinatero ine.

Anandiuza kuti za m'banja mwake zisandikhudze.

Belkis anali pakhomo la khitchini nthawi yonseyi. Anavula epuloni, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atavala buluku la mwamuna wake ndi nsapato zanga zija, atapanikizamo masokosi awiriawiri. Tochi ya pafuriji inali m'khosi mwake ngati mkanda.

"Malo analipiridwa kale," anatero. "Achimwene, bulangete lija lili kuti?"

"Iwe ukupita kuti? Ndi msinkhu wakowo?" anafunsa Radhamés.

"Ndikuperekeza mwana. Nyemba zili mufuriji. Mpunga watha, mukagule kwa Tatica."

Anyamata awiri anamukoka kukwera m'lole. Inanyamuka.

Masiku atatu amenewo Radhamés mpunga sanakagule. Ankabwera kwanga nthawi ya nkhomaliro, n'kukhala pampando ngati waitanidwa. Ndinkamupatsa, poti ngakhale galu wa aneba timamuponyera. Ankadya akundifotokozera kuti kumwamba kuja kumazizira zoopsa, ndipo akaziwo abwerera panjira.

Sanabwerere panjira. Belkis anakwera bulu theka la ulendo, kwinako anayenda. Anabwera miyendo itatupa, milomo itang'ambika ndi mphepo, ndipo anagona masiku awiri. Pafoni ya Yudelka panali chithunzi cha awiriwo ali pansonga, atafunda bulangete langa, matochi akuyakabe pamphumi ngakhale kunali kutayera. Radhamés anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaona? Munaiwala kuzimitsa. Mabatire amatha choncho."

Yudelka anatenga foni yake n'kuiika m'thumba.

Ya ku Miami inafika patatsala masiku ochepa kuti mwanayo anyamuke. Radhamés anaivala masana, n'kuyenda nayo mpaka ku golosale kuti tiione. Quirino anamufunsa ngati akufuna kuti timuperekeze kukwera masitepe a tchalitchi. Inali yotchaja. Namondwe wa chaka chimenecho atagwetsa mawaya, inayaka masiku awiri n'kufa, ndipo sabata zotsatira nyumba yonse inkadalira ya Belkis.

Ku bwalo la ndege ku Santiago tinapita tonse. Yudelka anakumbatira mayi ake nthawi yaitali. Ine anandigwira dzanja, nati, "Amalume, muziwaona amayi." Bambo ake anamuuza kuti akadzabwera kutchuthi adzakwera phiri lija awiriwiri, tsopano zida zonse zilipo.

"Chabwino, bambo," anatero, akuyang'ana chikwama chake.

Papita zaka zitatu. Yudelka akusamalira nkhalamba ina ku Madrid, ndipo mapepala ake sanalongosoke moti n'kutuluka m'dzikomo n'kudzalowanso. Amaimba Lamlungu lililonse, pa foni ya mayi ake. Bambo ake amawapatsa moni Belkis akawayandikizira foniyo. Chaka chinonso sabwera.