Mlendo wa Che Yohana

Fungo la phula likandipeza paliponse, ngakhale pamsewu umene akukonza, ndimaona agogo anga aamuna, Che Yohana, atagwada pambali pa boti kudoko la ku Malindi, akutseka ming'alu ndi thonje, utsi ukuwalowa m'maso, pakamwa pali yavuyavu. Ntchito yawo inali yokonza maboti, koma matenda awo anali oonetsa alendo malo. Munthu akangofika pakhomo pathu, kaya wachibale kaya wogula nsomba wosochera, madzi akumwa asanatsike n'kukhosi komwe, agogo amakhala atavala kale jekete lawo lakuda, ndodo ili m'manja.

Ankayambira kutchalitchi chakale cha mishoni, n'kupita kumene amaumba makapu ndi mbale zadothi, kenako kumlambe wamphako, n'kutsikira pathanthwe pamene mvuu zimaonekera m'mawa. Polongosola ankakweza mawu ngati akuitana asodzi amene ali kutali pamadzi. Ine, mtsikana wa sitandade sikisi, ndinkafa ndi manyazi, chifukwa anzanga kusukulu ankawayeserera mayendedwe ndi mayankhulidwe omwe.

Zinali zaka zimene anthu ankatsika m'mapiri a kum'mawa, mitolo ili pamutu, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Tsiku lina m'mawa kunafika bambo wina woonda, mapazi ali ming'aluming'alu, chipewa chitaphimba nkhope. Dzina lake anali Che Amisi. Atamwa phala limene agogo aakazi anamupatsa, anafotokoza kuti asilikali a m'tchire anamugwira n'kumamusenzetsa katundu miyezi yambiri, ndipo atawathawa anapeza mudzi wawo uli phulusa. Anamva kuti mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi, Asiyatu, anatsikira kunyanja kuno. Anali atayenda milungu iwiri akufunsa, koma aliyense ankangopukusa mutu. Othawa nkhondo sankaulula mnzawo kwa munthu wofunsa maina, poti sankadziwa amene wamutuma.

Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Pepani kwambiri, achimwene. Koma tchalitchi chathu munachiona?"

Ndinaluma mlomo. Iwo anali atatenga kale ndodo. Anamuvula mlendoyo chipewa n'kuchikoleka pamsomali. "Kuno timayenda nkhope ili poyera," anatero.

Tsiku limenelo ndinawatsatira chapatali. Che Amisi, Msilamu, anaima mwaulemu pakhomo la tchalitchi akumva za belu ndi za njerwa. Anaona makapu adothi. Kenako agogo anamutengera kuchigayo, ngati kuti kwawoko chigayo sachidziwa, n'kumuimika patsogolo pa mzere wa amayi akumulongosolera mmene injini imazungulira, mawu awo akupikisana ndi chigayo chomwe. Tsiku lachiwiri anabwereka njinga ziwiri n'kupita kuboma, kukaona mlatho wa pa Shire, nsanja ya wotchi, mzinga wakale ndi msika wonse mzere ndi mzere. Anabwerako dzuwa likadalipo, fumbi lili mbuu. Che Amisi anakhala pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pakati pa mawondo, chakudya osachikhudza.

Mtima unandiwawa, ndipo pakamwa panga sipanachedwepo chibadwire. "Agogo, inu mulibe chisoni," ndinatero. "Munthu akulira mkazi ndi mwana, inu mukumuonetsa wotchi? Mumangofuna anthu azikumverani basi!"

"Iwe, pakamwapo!" anakalipa agogo aakazi.

Agogo aamuna anandiyang'ana kanthawi, n'kuwerama kumasula zingwe za nsapato. Ndinaona ndithu kuti mawuwo awalasa.

Tsiku lachitatu anadikira kuti dzuwa likwere, nthawi imene amayi amadzadza kudoko kuyanika usipa pamathandala, ntchentche zili ng'waa, ana akuthamangitsa akhwangwala, ogula akukangana ndi asodzi. Anamuimika Che Amisi pakati penipeni, n'kuyamba kufotokoza mmene amaponyera chilimila, khoka lalikulu la usipa lija, manja ali m'mwamba. Anthu ankaseka. Ine ndinabisala kuseri kwa boti.

Ndipamene mayi wina anatuluka pakati pa mathandala, mamba a nsomba ali m'mikono, atagwira kamtsikana padzanja. Anayenda pang'onopang'ono, n'kugwada chapatali.

"Bambo a Asiyatu," anaitana.

Che Amisi anangokhala pansi pamchenga. Kamtsikana kanamuyang'anitsitsa, kenako kanapita kukagwira khutu lake ngati kakufuna kutsimikiza.

"Ndinakuonani dzana pachigayo," anatero mayiyo, misozi ikutsika. "Ndinaopa. Ndinati mwina akutumani aja anakugwirani aja. Ndiye ndinafunsa anzanga kuti mkulu waphokosoyu ndani. Anati ameneyo ndi Che Yohana, m'mimba mwake simugona chinsinsi. Munthu wobisa kanthu sangayende nawo masiku atatu."

Doko lonse linaseka, ena akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Agogo anatembenuka, anamina mwamphamvu, n'kunena kuti, "Tsono amayi, mlambe wathu simunauone. Tidzapita Loweruka."

Pobwerera kunyumba tinali awiri. Sananditchulire za dzulo lake. Anangoti, "Munthu wamantha safunidwa ndi mafunso, mama. Umaima poyera, iye akuone, akuonenso, mpaka mtima wake ukhale pansi." Ndinafuna kupepesa, koma manyazi anandigwira, ndipo ndinati ndidzanena mawa.

Banja la Che Amisi linakhala pafupi nafe mpaka mtendere utabwerera kwawo. Asiyatu ndinkapita naye kusukulu, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kuluka tsitsi. Agogo anamwalira ndili kusekondale yogonera konko, uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndapepesapo anthu ambiri pa zinthu zazikulu ndi zazing'ono. Koma munthu amene ndinamunena kuti alibe chisoni, pamene miyendo yake yokalamba inali itapalasa njinga tsiku lonse chifukwa cha mkazi wa mwini, ameneyo sindinamupepese.