Goloboyi Wotsimphina

Inu amene mwafika poti moyo wakukanikani, tamvani za Amos Tattersall.

Tsiku limene Amos anaima pa geti la nyumba ya amphawi, kunkagwa kamvula kathu ka kuno ku Lancashire, kosakata, konunkha utsi wa mafakitale a nsalu. Anali ndi mkazi wake Selina ndi mwana wawo wamkazi, Nellie. Munthu amene tauni yonse inkaimba dzina lake pabwalo la mpira anali atatsamira ndodo, kudzapempha pogona.

Mlonda wapageti sanabise. Anati malo alipo, koma lamulo ndi lomwe lija: abambo khomo lawo, amayi khomo lawo, ana kwaokha. Selina anafinya dzanja la Nellie mpaka mwana analira.

"Amuna anga, njala ndipirira," anatero. "Koma mwanayu mukafuna kumusiya pano, muyambe mwandiika m'manda."

Anabwerera. Mchemwali wake wa Selina anawapatsa kachipinda kapansi konyowa, n'kuwauziratu kuti nyengo yozizira ikatha aone kolowera.

Chinamugwetsa Amos ndi bondo. Iye anali mmodzi mwa oyamba kulipidwa chifukwa chomenya chikopa, m'zaka za m'ma 1880, ndipo liwiro lake linali losayamba. Masiku amenewo kunalibe zosintha osewera. Ukatuluka, timu inkatsala yoperewera. Ndiye atamuponda bondo, Amos anangomanga nsanza n'kupitiriza mpaka mpira kutha, anthu akumuwombera m'manja. Kupusa kwake kunali komweko. Bondo linatheratu, timu inamusiya, ndipo ntchito ya kufakitale, imene timuyo inamupezera, inapitira limodzi. Owomba m'manja aja akamuona ankangowoloka msewu.

Kuthamanga kunali kutatha, koma mpira ndi ntchito yokhayo imene ankaidziwa. Anapita kwa a Bickerstaff, mlembi wa timu, kukapempha kuti amuyese pagolo. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola.

"Amos, iwenso ukudziwa. Goloboyi akangogwira mpira, zimphona zimamugunda n'kumulowetsa m'golo, iye ndi mpira womwe. A miyendo iwiri akugwa ngati matumba. Nanga iwe wa umodzi ndi theka?"

Sananame. Malamulo ankalola zimenezo, ndipo Amos yemweyo anagwetsapo magoloboyi ambiri. Anafika kunyumba n'kukhala pansi kuyang'ana khoma, misozi ili chuchuchu. Bambo wamkulu kulira pamaso pa mwana wake, zinali zomvetsa chisoni.

Nzeru inabwera mochedwa, koma inabwera. Ngati kugwira mpira ndi kumene kukuitana zimphona, bwanji osaugwira? Aziungoumenya chibakera upite kutali, adani akamafika apeze palibe chogundira munthu.

Anapeza chimpira chakale n'kumachiviika m'madzi kuti chilemere monga chimachitira pabwalo lamatope. Selina akaweruka kochapa zovala za anthu, ankamuponyera kuseri kwa nyumba, iye n'kumamenya. Chikopa chonyowa chimalemera ngati mwala, ndipo zingwe zake zinkamucheka zala. Zala zinatupa, china chinathyoka, sanaleke. Anansi ankasuzumira pawindo n'kumufunsa kuti a Tattersall, mpirawo wakulakwirani chiyani, kapena ndi umene unakupondani bondo?

Anayenda m'matimu a m'midzi, akutsimphina, ndipo ankamubweza asanamalize n'kulankhula komwe. Ina inamulola kusewera ulere. Anamuchinya zigoli zochititsa manyazi, chifukwa dzanja silinkafika pamene mwendo wakana. Anaphunzira kuima pamalo oyenera mpira usanamenyedwe, koma amene ankaona zimenezo analipo ndani?

Kuzizira kunayamba kutha. Mchemwali uja anasiya kuwapatsa moni. Tsiku lina Amos anapeza Selina akusoka dzina la Nellie pa tizovala take, kuti ku nyumba ya amphawi kuja tisakasokonekere ndi ta ana ena. Mayi amene ananena za manda uja anali atagonja. Buledi wa tsikulo palibe anamudya.

Sabata yomweyo goloboyi wa a Bickerstaff anathyoledwa nthiti, ndipo panalibe wofuna kukaima pamalo pakepo. Anatumiza uthenga kwa Amos kuti abwere Loweruka, masewero amodzi okha, poti analibenso wina.

Bwalo linali phala lokhalokha. Anthu atamuona akutsimphina kupita pagolo anaseka, ena n'kumakuwa kuti amubweretsere mpando. Mpira woyamba anaumenya chibakera n'kukagwera pakati pa bwalo, zimphona zinafika zikupuma wefuwefu n'kupeza palibe. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako chimphona china chinapsa mtima n'kumugunda basi. Amos anagwa, bondo linayaka moto, koma anakwawa n'kudzuka pogwira mtengo wagolo. Kuseka kunatha.

Musaganize kuti anapambana. Chakumapeto mpira wina unadutsa pansi, mbali ya mwendo wodwala uja, ndipo timu inagonja. Amos anavula nsapato manja akutuluka magazi, akuganiza mawu oti akamuuze Selina.

A Bickerstaff anaima pakhomo, osamuyang'ana kumaso.

"Akanakhala wina pagolo, adani akanatisambitsa zigoli lero," anatero. "Loweruka ufike msanga. Lolemba upite kufakitale, pali ntchito yokhala pansi."

Amos anaima pagolo zaka zingapo. Sanalemere, ndipo dzina lake simungalipeze paliponse. Atakalamba zala zake zinali zopindika moti sankatha kumanga mabatani a jekete. Ankamumangira ndi Nellie, amene anakulira pakhomo pa bambo ndi mayi ake mpaka tsiku la ukwati wake.

Mwina nanunso chimene munkadalira chathyoka ndipo sichidzalunzika. Lirani, palibe cholakwika. Mukatha kulira, onani chimene chakutsalirani n'kuyamba kuchiphunzitsa ntchito. Mtima wokhawo musautaye.