Khadi la alamu anga a Nyirenda

Mwaswera bwanji nonse. Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mayi anu.

Dzulo timu ya basiketibolo ya kukoleji kwa mdzukulu wanga Vitumbiko inatenga chikho, chaka chonse osagonja. Ndinaonera pa foni ya aneba, ndipo ndinakuwa mpaka galu wawo anathawa. Koma Vitu atanyamula chikhocho, ndinakumbukira alamu anga a Nyirenda.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinali mmodzi wa anyamata oona makhadi a chipani pamsewu pa Mzimba boma. Tsiku lina panafika lole ya timu ya basiketibolo ya koleji ina, nayonso yosagonja chaka chonse, ikupita kumasewero omaliza. Wamtali kuposa onse anali a Nyirenda, koma khadi anali ataiwala m'thalauza lina.

Anandichonderera kuti, "Alamu, si ndinu munandigulitsa khadilo?" Anzanga ankandiyang'ana, mbwenu alamuwo ndinawatsitsa m'lolemo. Lole inapita, iwo anatsala pansi pa mtengo atavala yunifomu, ndipo timu yawo inakagonja. N'chifukwa chake simunationepo tikucheza.

Lero m'mawa ndinakwera galimoto kupita kwa a Nyirenda ku Euthini. Ndinagwada pakhomo pawo n'kupepesa. Anandiyang'ana, kenako anati, "Alamu, inu zonse mumachedwa. Sukulu munayamba muli ndi ndevu, kupepesa mwabwera mano atatha. Dzukani, mundionetse mmene mdzukulu wanuyo amaponyera mpira."

Ndikadali kuno, ndipo m'kafoni kanga mulibe kanema wa masewero a Vitu. Wina atumize msanga, alamu avala kale magalasi.